Mwana Akukula, Mapulasitiki Sakula

Imvani, inu a ku Kanyama ndi ku Chawama. Tcherani khutu a ku Matero ndi kwa George, a ku Kalingalinga ndi ku Mtendere. Ndili nanu mlandu, ndipo pa mlanduwo nanenso ndine woimbidwa. Sindinalote loto, sindinaone masomphenya a usiku. Zimene ndikunenazi ndinaziona dzuwa lili paliwombo, m'nyumba ya chipinda chimodzi kuseri kwa msika, ndipo chiyambire tsikulo zandiima pakhosi ngati munga wa nsomba.

M'nyumbamo muli msomali pakhoma, pamwamba pa kalendala ya kutchalitchi. Pamsomalipo papachikidwa timiyendo tiwiri ta pulasitiki, tomangidwa pamodzi ndi malamba ake omata. Kale tinali toyera, lero tafiira ndi fumbi. Kalikonse kamayambira m'munsi mwa bondo, n'kutsika kuseri kwa katumba, kukhota pachidendene, n'kuyalika kunsi kwa phazi mpaka ku zala. Achipatala amati AFO. Mwini wake ndi mtsikana wa zaka 6. Ndinam'peza pakhomo akudzikoka ndi manja pasimenti, miyendo ikumutsata m'mbuyo ngati ya munthu wina, khungu la m'mawondo litakhuthala ngati chidendene cha munthu wamkulu wosavala nsapato.

"Amake mwana," ndinatero, "nanga izi zili pakhomazi?"

"Zinam'chepera, atate. Ankayenda nazo. Ankafika mpaka pampopi, atagwira kandodo."

Anatsitsa kamodzi n'kukayerekeza pamwendo wa mwanayo. Phazi linapitirira ndi mpata wokwana zala zanga ziwiri. Mlomo wa pamwamba, umene unkafika pafupi ndi bondo, unalekeza pakati pa katumba. Mayiyo anapitako katatu kumene anakapangitsa. Ulendo uliwonse ndi mabasi awiri popita, awiri pobwerera, mwana wa zaka 6 ali kumsana, tebulo la tomato litavundikiridwa tsiku lonse. Koyamba anamuuza kuti pulasitiki yatha, abwere mwezi wamawa. Kachiwiri magetsi kunalibe, uvuni sinayake. Kachitatu madzi anatseka njira, anafika mzere utadulidwa kale. Kachinayi sanapite, lendi inali itakwana. Papita miyezi 14 chipachikire.

Ndiyambe ndazula bodza, chifukwa bodza limayamba kudya ana awa matenda asanawakhudze. Vuto la mtsikanayu dzina lake ndi spina bifida. Palibe analodza, palibe anaponda mankhwala pamphambano, palibe anayenda njira zoipa ali ndi pakati. M'masiku 28 oyamba a mimba, mayi asanadziwe n'komwe kuti waima, msana wa khanda umakhala ngati kangalande kotseguka, kamene kayenera kupindika n'kutsekeka kukhala paipi. M'paipimo ndimo mumadzadutsa mitsempha yochokera ku ubongo kupita ku miyendo, ku chikhodzodzo ndi ku matumbo. Kakalephera kutsekeka penapake, kawirikawiri cha m'chiuno, mwana amabadwa ndi chotupa kapena bala kumsana, mitsempha ili pamtunda. Madokotala amathamangira kutseka balalo m'masiku awiri kapena atatu oyamba kuti majeremusi asalowe. Ambiri mwa anawa madzi amadzaza m'mutu, mutu n'kumakula, ndipo amawaika kapaipi kotchedwa shunt kotsitsira madziwo m'mimba. Opaleshoni imapulumutsa moyo. Mitsempha imene inaonongeka siibwezeretsa.

Apa ndi pamene timalakwira tonse. Mwana akatuluka ku chipatala cha UTH bala litasokedwa, timaimba nyimbo, timati Mulungu wachita, n'kubalalika aliyense kwake. Timabalalika ntchito itangoyamba kumene.

Imirirani pomwe mulipo, muweramire kutsogolo pang'ono osapinda chiuno. Mumva akatumba akukungika, zala zikukanikiza pansi. Amenewo ndiwo akukugwirani kuti musagwe chafufumimba, ndipo amagwira ntchitoyi pa phazi lililonse limene mumaponda, inu osawathokoza. Mwana amene bala lake linali m'munsi mwa msana amakhala ndi mphamvu m'ntchafu, bondo amatha kuliwongola, koma uthenga sufika kwa katumba. Akaima, msongolo umagwera kutsogolo, mawondo n'kupindika, iye n'kumayenda monjuta, thupi likupendekera uku ndi uku. Yesani kuyenda chonjuta kuchoka pakhomo panu kukafika pakantemba, mudziwa chifukwa chake mwanayo amagonja n'kubwerera pansi. AFO imagwira ntchito ya katumba wosamvayo. Imalimbitsa kakolo kuti msongolo usagwe, bondo liwongoke, phazi liponde lathyathyathya. Mwana amatambasula mwendo, amafulumira, ndipo satopa msanga. Ena amafunikanso ndodo za m'mikono kuti kupendekerako kusadzawononge mawondo akadzakula.

Kapangidwe kake ndinakaonapo ndi maso. Katswiri amakulunga mwendo wa mwana ndi nsalu ya pulasitala wonyowa, ngati akumanga chikhakha, atagwira phazi mmene liyenera kukhalira. Ikauma amaidula bwinobwino, n'kuthiramo pulasitala wina, n'kutulutsa mwendo woumba wofanana ndendende ndi wa mwanayo. Amaupala, amauwonjezera pamalo pamene fupa latumphuka kuti pasadzakhule. Kenako amatenthetsa chipepala cha pulasitiki yolimba mu uvuni mpaka chifewe, n'kuchiphimba pa mwendo woumbawo, mpweya n'kuukoka kuti chigwire paliponse. Amacheka, amasalaza m'mphepete, amakhomera malamba. Ndi ntchito ya manja ndi diso, yofuna munthu wophunzira. Ku Moshi, m'dziko la Tanzania, sukulu ya TATCOT yakhala ikuphunzitsa akatswiri otere chiyambire 1981. Ndipo chifukwa chinthucho chaumbidwa pa mwendo wa tsiku limenelo, chimakhala cha mwendo wa tsiku limenelo. Mwana akukula. Pakatha chaka, mwina chisanathe n'komwe, pafunika china.

Mayi uja sanalakwe kupachika. Mapazi a mwana wake samva kupweteka. Inu nsapato ikakuthinani mumatsimphina, mumaivula. Iye pulasitiki ikamukhula amaseka, akusewera, khungu likunyuka mpaka chilonda. Chilonda cha phazi losamva sichipola msanga, chimakumba mpaka kufupa. N'chifukwa chake mayi aliyense wa mwana wotere ayenera kumuveka masokosi osakwinyika mkati, kugwedeza pulasitiki ndi nsapato kuti musakhale kamwala, ndipo madzulo aliwonse kuyang'ana chidendene, akakolo ndi pamwamba pa phazi. Kufiira kapena kuda kumene sikuchoka pakatha theka la ola n'chenjezo, asavalenso mpaka katswiri aone. Mbaula nayo ndi mdani, ndi dothi lotentha la mu Okutobala. Mayi uyu zonsezi amazidziwa kuposa ine. Chimene analibe si nzeru. Analibe munthu.

Miyezi 14 ili pamsomali, thupi silinadikire. Phazi losagwiridwa limakhota, mawondo opindika tsiku lonse amazolowera kupindika, thupi limalemera pamene miyendo ikufooka. Zimene zikanatheka ndi pulasitiki chaka chatha, chaka chamawa zidzafuna mpeni wa dokotala. Zina sizidzathekanso.

Ndisakunamizeni, si mwana aliyense wa spina bifida amene adzayende. Bala likakhala m'mwamba mwa msana, ntchafu nazo sizimva, ndipo mwana amafunika zogwira mpaka m'chiuno, kapena njinga yake yokhalapo. Njingayo si manyazi, si kugonja. Tanni Grey-Thompson anabadwa ndi vuto lomweli ku Cardiff mu 1969, anapambana mendulo zagolide 11 pa mipikisano ya Paralympics ali panjinga, ndipo lero amakhala nawo m'nyumba ya malamulo ya House of Lords ku London. Chimene ndikukana ine ndi mwana wokhoza kuyenda amene akukwawa, ndi mwana wofunika njinga amene wagonekedwa pamphasa kuseri kwa nsalu kuti alendo asamuone.

Tsopano ndiyankhule nanu, abambo. M'nyumba ija bambo mulibe. Anachoka mwana ali ndi miyezi itatu, abale ake atanena kuti kwawo zotere kulibe, zachokera kuchikazi. Mawu amenewa ndawamva ku Matero, ndawamva ku Chawama, ndipo amanenedwa ndi apongozi ovala chitenje cha chigwirizano. Mu 1955 ku America kunabadwa mwana wamwamuna, Casey Holter, ali ndi spina bifida ndi madzi m'mutu. Atate ake, John Holter, sanali dokotala. Anali mmisiri wa zitsulo ndi makina. Ataona kuti kachipangizo kotsitsira madzi kamene kanalipo sikakugwira bwino, anakhala pansi usiku n'kupanga kavalavu kake, mothandizana ndi dokotala Eugene Spitz, ndipo kuyambira 1956 kanayamba kuikidwa m'mitu ya ana. Mwana wakeyo sanakhalitse, anamwalira ali wamng'ono, koma ana ochuluka m'maiko ambiri anakula chifukwa cha manja a bambo ameneyo. Inu sitikukupemphani kupanga valavu. Tikukupemphani kubereka mwana wanu kumsana kukafika pasiteshoni. Ndalama imene mumaponya m'makina a juga a bonanza Loweruka limodzi ikanam'fikitsa kuchipatala n'kum'bweza. Mwana ameneyo ali ndi mphuno yanu, ali ndi dzina lanu pakhadi la sikelo. Mudzayankha.

Ndi inu oyandikana nawo, a m'yadi imodzi, ogawana chimbudzi chimodzi ndi chingwe chimodzi choyanikira. Pakamwa mumati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma ana anu munawaletsa kusewera naye, mayi woyembekezera mumam'kokera kumbali kuti asam'yang'ane, ngati kuti kulumala kumalowera m'maso. Mumanong'onezana kuti mayiyo anapereka mwana kuti tomato aziyenda malonda. Taonani tebulo lakelo, milu isanu ya tomato ndi anyezi atatu, muone ngati chimenecho n'chuma cha magazi. Mwanayo akamanunkha mkodzo mumatseka mphuno, osadziwa kuti chikhodzodzo chake sichimva monga mapazi ake, ndiponso kuti mkodzo wotsalira m'kati umabwerera n'kukaononga impso. Chiyambire 1972, pamene dokotala wa ku America Jack Lapides anaonetsa kuti kapaipi kotsukidwa bwino ndi sopo n'kokwanira, ana otere amatulutsidwa mkodzo pakhomo pomwe, maola atatu kapena anayi alionse, n'kumakhala ouma ndi a impso zamoyo. Zimafuna madzi oyera, sopo ndi malo obisika. Chigubu chimodzi cha madzi mukanam'tungira mayiyo pobwera kumpopi. Inu munasankha kutseka mphuno.

Ndifike kwa inu aneneri ndi abusa a m'makalasi ndi m'matenti, amene zokuzira mawu zanu sizigonetsa komboni Lachisanu usiku. Ine ndine wopemphera, ndipo sindinyoza pemphero. Koma ena mwa inu mwauza amayi kuti pulasitiki ndi chizindikiro cha kusakhulupirira. Mwavula ana ma AFO paguwa, mwawaimiritsa mowagwira m'khwapa, mpingo ukukuwa, foni zikujambula, ndipo Lolemba mwanayo ali pansi pomwe paja, mayi ake atatsala ndi kabotolo ka mafuta ndi ngongole. Chozizwitsa chikakanika mumati chikhulupiriro cha mayi n'chochepa, kum'senzetsa katundu wina pamwamba pa amene wasenza kale. Mumakonda kulalikira za munthu wopunduka chibadwire wa pa chipata cha kachisi, m'buku la Machitidwe, amene mapazi ndi akakolo ake analimba. Mumaiwala kuti munthuyo anali atapitirira zaka 40, ndipo zaka zonsezo opembedza ankam'dutsa polowa kukapemphera, n'kumamuponyera timakobidi. M'nkhani imeneyo ife si Petro amene anam'dzutsa. Ife ndi odutsa aja. Pa 29 Disembala 1991, Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo mawuwo tinawalemba m'malamulo aakulu a dziko. Werengani masitepe a pakhomo la tchalitchi chanu. Werengani ana olumala amene ali mu Sande sukulu yanu. Mukapanda kupeza ndi mmodzi yemwe, musaganize kuti m'dera lanu mulibe. Ali m'nyumba, atsekeredwa.

Nthenda yathu ndi imodzi, kuyambira paguwa mpaka ku ofesi. Timakonda chifundo cha tsiku limodzi. Timakonda tsiku lopereka mphatso, tenti itakhomedwa, wolemekezeka atafika, mwana atavekedwa pulasitiki yatsopano, chithunzi n'kupita pa Facebook. Palibe amafunsa kuti chaka chamawa adzam'pangira ina ndani, nsapato yokulirapo yoti pulasitikiyo ilowemo adzaigula pasalaula ndani, lamba akaduka adzasoka ndani. Ena amatumiza makatoni a ma AFO amene ana a kunja anasiya, ngati kuti ndi majuzi. Chinthu choumbidwa pa mwendo wa mwana wina chikavalidwa pa phazi losamva chimabala chilonda. Mwana mmodzi, kuyambira pamene ayamba kuimirira mpaka atasiya kukula, adzafuna mapeyala ambiri, limodzi pambuyo pa linzake. Amene akufuna kuthandiza awerengere zaka zonsezo. Bungwe la WHO linati pa anthu 10 ofunika zipangizo zotere padziko lapansi, mmodzi yekha ndiye amazipeza, ndipo mu 2016 linaika zogwira miyendo pa mndandanda wa zipangizo 50 zimene dziko lililonse liyenera kukhala nazo. Asanu ndi anayi otsalawo si nambala chabe. Mmodzi wa iwo ndinam'peza pasimenti.

Manja odziwa ntchito mu Lusaka muno alipo. Ku UTH amatseka misana ya makanda. Ku Beit CURE, pa Great North Road, akhala akuwongola miyendo ndi mapazi a ana chiyambire 2006. Chipatala cha mafupa cha St John Paul II, chimene ambiri timangoti ku Italian, chilipo. Evelyn Hone College imatulutsa ophunzitsa mafizo. Koma manja amenewa ndi ochepa, ndipo mtunda wa pakati pa Kanyama ndi zipatalazo suyezedwa ndi makilomita. Umayezedwa ndi msana wa mayi, ndi kondakitala amene amaona mwana wamkulu ali kumbuyo n'kumenya chitseko kuti basi ipite, ndi tsiku la malonda lotayika. Zipatala za Kanyama, Chawama ndi Matero zinakulitsidwa, nyumba zatsopano zinamangidwa. N'chiyani chingaletse kuti katswiri azibwera pa zipatala zimenezi tsiku lodziwika mwezi uliwonse, kudzayeza ana, kudzaona khungu, kudzakonza malamba, ndi kaundula wolembamo tsiku limene mwana aliyense ayenera kubwereranso? Odwala TB timawalondola mpaka pakhomo akasiya mankhwala. Mwana wosiya kubwera kudzayezetsa pulasitiki palibe amam'funa.

Inu makhansala ndi aphungu, malamulo muli nawo. Zambia inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2010. Nyumba ya malamulo inakhazikitsa Persons with Disabilities Act, lamulo nambala 6 la 2012, ndipo bungwe loona za anthu olumala la ZAPD lilipo. Mu 2022 ndalama zachitukuko za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Mukakhala pansi kugawa ndalamazo, ndani amayankhulira mwana wokwawa? Mayi ake sabwera kumsonkhano wa wadi, alibe wom'siyira. Maphunziro ndi aulere chiyambire Januwale 2022, ndipo ndi chinthu chabwino. Koma kalasi ili pamwamba pa masitepe, chimbudzi ndi dzenje lonyowa lofuna munthu wonjuta, chipinda chotseka chitseko choti mwana atulutsiremo mkodzo palibe. Sukulu yaulere imene sungalowemo ili ngati nsima yoikidwa padenga.

Ndipo pulasitiki ikapezeka, mwanayo ayenda pati? Njira za kwathu ndi miyala yosongoka, maenje ndi ngalande zosavundikira. Mvula ikagwa ku Kanyama madzi amakhala masabata, atasakanikirana ndi za m'zimbudzi. Akulu timavala magambutsi, timadumpha pa njerwa ndi matumba a mchenga. Mwana wa ma AFO sadumpha. Mwana wokwawa amaika manja m'madzi omwewo, manja omwe adzadyere nsima. Mu Januwale 2024 kolera inadzaza National Heroes Stadium ndi odwala, masukulu anachedwa kutsegulidwa, tonse tinaphunzira kusamba m'manja. Sindinamve wina akufunsa za ana amene manja awo ndiwo mapazi awo.

Amisiri a ku Kalingalinga, inu amene mwandandalika mageti, mafelemu a zitseko ndi mabedi m'mbali mwa Alick Nkhata Road, mumawotcherera zitsulo zotchingira nyumba za ku Kabulonga tsiku ndi tsiku. Pulasitiki ya kakolo musayese, imeneyo isiyireni katswiri. Koma mapaipi awiri oimikidwa mondondozana, oti mwana agwire uku ndi uku pophunzira kuponda, ndi ntchito ya theka la tsiku kwa inu. Kampando koimiriramo, chogwirira cha m'chimbudzi, kamlatho ka pangalande ya pakhomo, zonsezi zingatuluke m'zidutswa zimene mumagulitsa pa kilo. Wa mafizo akupatseni miyeso, inu muwotcherere.

Alangizi, amayi anga, ndasunga mawu anu chifukwa inu ndinu muli kumayambiriro. M'mera m'poyamba. Pa kitchen party ndi m'chipinda cha chilangizo mumaphunzitsa mtsikana zonse, kugwada, kuphika, kusunga mwamuna, kusunga chinsinsi cha m'nyumba. Onjezanipo chimodzi. Pali vitamini wotchedwa folic acid, timapiritsi tija amapereka kusikelo ya amayi oyembekezera. Kuti titeteze msana wa khanda tiyenera kumwedwa mimba isanakhale ndi m'masabata ake oyamba, ma microgram 400 patsiku, ndipo amene anaberekapo mwana wotere amafunika mlingo wokulirapo umene achipatala angamuuze. Kafukufuku wa Medical Research Council ya ku Britain, wofalitsidwa mu 1991, anapeza kuti mwa amayi oterewa folic acid anachepetsa kubwereza kwa vutoli ndi 72 pa 100 alionse. Satseka njira zonse, koma amatseka zambiri. Tsono ife timaphunzitsa mtsikana kubisa mimba mpaka ioneke, kuopa maso a anthu, n'kukayamba sikelo pa miyezi inayi kapena isanu. Pamenepo msana unatsekeka kale, kapena unalephera kale. Piritsi lafika nkhondo itatha.

N'chifukwa chake maiko ena anaika vitaminiyu m'chakudya chimene aliyense amadya. America inayamba mu 1998. South Africa inalamula mu 2003 kuti athiridwe mu ufa wa chimanga ndi wa tirigu, ndipo ana obadwa ndi mavuto a msana ndi ubongo otere anatsika ndi pafupifupi 30 pa 100 alionse. Mu Meyi 2023 msonkhano waukulu wa WHO ku Geneva unalimbikitsa maiko onse kuchita chimodzimodzi. Ife njira timaidziwa, pakuti shuga wa m'Zambia amathiridwa vitamini A mwalamulo chiyambire 1998, ndipo mchere uli ndi ayodini. Koma ufa, umene umalowa m'nyumba iliyonse kawiri patsiku, tinauzengereza zaka ndi zaka. Kumudzi mungati anthu amagayitsa chimanga chawo kuchigayo. Kuno ku komboni ambiri timagula ufa wa breakfast kapena roller wa makampani akuluakulu, thumba lonse kapena kapamela ka madzulo. Palibe malo osavuta kufikira mtsikana wosadziwa kuti waima kuposa mumphika wa nsima wa ku Chawama.

Ndinati nanenso ndine woimbidwa. Pakhomo lija ndadutsapo zaka zitatu popita kumapemphero a m'chigawo. Ndinkamuona mwanayo akuyenda ndi kandodo kake, ndinkati, "Wakula, mdzukulu wanga." Kenako ndinayamba kumuona pansi, ndipo sindinafunse. Kawiri ndinasiya K20 m'dzanja la amake n'kupitirira mtima uli mbee. Kufunsa ndinkakuopa, chifukwa wofunsa amasenza.

Mverani tsono chimene chikubwera tikapitiriza chonchi, pakuti sichifuna mneneri kuti achione. Chilonda chidzayamba pabondo kapena pathako, chidzalowa madzi a m'ngalande, chidzafika kufupa. Kapena impso zidzatopa mwakachetechete, mwana n'kuyamba kutentha thupi, ife n'kumati ndi malungo. Tsiku limenelo komboni yonse idzadzuka. Mbale ya chopereka idzayenda khomo ndi khomo ndipo idzadzaza. Bokosi lidzagulidwa tsiku lomwelo, basi yopita kumanda a ku Chingwere idzapezeka, malasha ndi kabichi zidzabwera, amayi a chigwirizano adzagona pamaliro masiku atatu akuimba. Bambo uja adzatulukira, adzakhala pampando wa kutsogolo. Abusa adzati Mulungu wam'pumitsa. Ndalama ya maliro amenewo ikanam'gulira mapulasitiki a zaka zingapo, ndi nsapato zake, ndi ya basi. Tili ndi chilimba cha mapoto, chilimba cha malata, komiti ya maliro m'chigawo chilichonse. Mtembo timaunyamula anthu asanu ndi mmodzi, mosinthana. Mwana wamoyo amanyamulidwa ndi mayi mmodzi. Musadzanene pamanda paja kuti chinali chifuniro cha Mulungu. Chidzakhala chifuniro chathu, ndipo dothi limene tidzaponye pabokosi lidzatichitira umboni.

Mitambo yayamba kale kusonkhana cha kumadzulo, ndipo mvula ikakhazikika njira ya kuseri kwa msika idzatsekeka mpaka Malichi. Amake mwana apatsidwa tsiku lina, Lolemba likudzali. Ayenera kukhala pasiteshoni 05:00 koloko kuti akapeze mzere usanadulidwe. Akakam'yeza, adzafunika kubwereranso kukatenga, kenako kukaonetsa khungu, ndipo chaka chamawa mwezi ngati uno adzayambiranso. Ya basi yapezeka. Mwanayo ndidzam'bereka ine, msana ukadalipo. Pakusowa munthu wokhala pa tebulo la tomato kuyambira m'mawa mpaka amake abwere, ndi wina wa kusalaula wopeza nsapato za zingwe, zokulirapo ndi saizi imodzi kapena ziwiri, zotseguka bwino pakamwa.